Phwando la Disembala Limayamba mu Juni

Mabanja ambiri a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji mpaka pa chilumba cha Chisi kwa Mkumbira, amayamba kuganiza za Khirisimasi mvula yoyamba itagwa kale. Pofika nthawi imeneyo mpunga umakhala utakwera mtengo pa Jali ndi pa Govala, nkhuku zambiri zitapita ndi chitopa, kwa telala nsalu za eni ake zitaunjikana, ndipo kandalama komwe kali m'nyumba kakulimbiranidwa ndi feteleza, aganyu ndi sukulu. Chotsatira chake tonse timachidziwa. Banja limadya bwino tsiku limodzi, kenako limalowa mu Januwale litasenza ngongole ya katapila.

Ena akaona zimenezi amati kuli bwino kungozisiya zikondwererozi poti n'zowononga chuma. Ife sitikuvomereza. Tsiku lomwe mbumba yonse imakhala pa mkeka umodzi, ana n'kudziwana ndi asuweni awo, agogo n'kuona zidzukulu zomwe amangozimva mawu pa foni, ndi tsiku lamtengo wapatali. Ndi pa masiku otere pamene mwana amadziwa kuti kwawo n'kuti ndipo abale ake ndani. Chomwe chimatipweteka ndi nthawi yomwe timayambira kukonzekera. Phwando la m'mbali mwa Chilwa liyenera kutsata kalendala ya nyanja ndi ya munda, ndipo kalendala imeneyo ikuti ntchito iyambe mu Juni, mpunga ukadali pakhomo.

Chifukwa chake Disembala amatipana

Ku Ulaya komwe amishoni anachokera, Khirisimasi imafika m'nyengo yachisanu, zokolola zili m'nkhokwe ndipo ntchito ya kumunda itaima. Amishoni a mpingo wa Church of Scotland omwe anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884 anabwera ndi tsiku lomwelo la 25 Disembala, koma kuno tsikulo linagwera pa nyengo ina. Disembala wathu ndi mwezi wa khasu. Chimanga chikufuna kupaliridwa, feteleza wobereketsa akudikira, nazale za mpunga zikufuna maso, ndipo chimanga chomwe tinakolola mu Epulo chayamba kuonetsa pansi pa nkhokwe. Sabata ziwiri zisanathe chidutsireni Khirisimasi sukulu zimatsegulira, ana n'kufuna yunifomu, makope ndi sopo.

Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja pali chinanso. Kuyambira pa 1 Disembala kuwedza ndi makoka kumatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti matemba, makumba ndi milamba ziswane. Lamuloli ndi labwino ndipo makomiti a m'madoko akamalitsatira amateteza ndiwo za chaka chamawa. Komabe tanthauzo lake m'thumba n'lakuti mwezi wa chikondwerero ndi womwewo umene ndalama imachepa pa doko la Kachulu. Mwini khoka, alovi ake, amayi owamba ndi oyanika nsomba, wa kabaza wonyamula madengu kupita ku Zomba, onsewa amamva kuwawa nthawi imodzi. Amene amaphwanya lamulo pofuna ndalama ya Khirisimasi amadya mazira a nsomba zomwe zikanadyetsa ana ake mu Meyi.

Abale athu achisilamu nawo sali kutali ndi vutoli. Idi yomasulira mwezi wa Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2024 inali mu Epulo, mu 2025 inali kumapeto kwa Malichi, ndipo zaka zikubwerazi izigwa mkati mwenimweni mwa miyezi ya njala. Kotero nkhani yokonzekera chikondwerero nthawi ikadalipo ikukhudza tchalitchi ndi mzikiti mofanana.

Tisaiwalenso kuti Chilwa ndi nyanja yosinthasintha. Imalandira madzi kuchokera m'mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe, koma ilibe mtsinje wotulukira, ndipo m'malo ambiri ndi yosazama. Mvula ikavuta zaka zingapo zotsatana imaphwa. Akuluakulu amakumbukira 1968, ambiri tikukumbukira 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pa matope ouma gwa, anthu n'kumayenda pansi pomwe kale ankapalasa ngalawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa zosiyana ndi zimenezo: madzi anasefukira, n'kumiza minda ndi nyumba. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Nyanja yomwe m'zaka zabwino inkapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse za m'Malawi ikhoza kukhala yopanda kanthu chaka china.

Munthu wokhala pa malo otere sangadalire kuti Disembala adzadzisamala yekha. Sangadalirenso ndalama yosunga pansi pa mtsamiro. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutatsala sabata zochepa kuti Khirisimasi ifike. Amene anasunga ndalama anapeza kuti yagula zochepa poyerekeza ndi zomwe ankayembekeza. Amene anasunga mpunga ndi nkhuku anapeza mpunga wake ndi nkhuku zake zili momwemo. Phunziro lake n'loti chikondwerero cha kuno chisungidwe mu zinthu zomwe timalima ndi kuweta tokha.

Mpunga, nkhuku ndi thobwa

Mwayi womwe tili nawo ndi waukulu. Chakudya chomwe dziko lonse limachiyesa cha Khirisimasi, mpunga ndi nkhuku, chimachokera pakhomo pathu. Anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amasaka Faya ndi Kilombero m'misika, pamene ife timaulima m'madambo ndi m'masikimu monga wa Likangala. Chomvetsa chisoni n'chakuti mu Meyi ndi Juni mavenda akafika ndi masikelo awo timagulitsa mpunga wonse pa mtengo wolira, kenako mu Disembala timakagula mpunga womwewo pa mbale, mtengo utakwera. Ngongole ndi zosowa za pakhomo zimatikakamiza kugulitsa, zimenezo n'zoona. Koma ndowa imodzi kapena ziwiri zikhoza kupatulidwa tsiku lomwelo lopuntha, matumba asanapite pa sikelo. Mpunga wa chikondwerero usungidwe ndi makoko ake poti umakhalitsa choncho, wouma bwino, m'thumba lomanga ndithu, pa thandala losakhudza pansi. Kuchigayo upite kutatsala masiku ochepa kuti fungo lake lidzamveke pa mbale.

Nkhuku nayo ili ndi kalendala yake. Thadzi limafungatira mazira masiku 21, ndipo nkhuku yachikuda imafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ifike poti n'kupatsa mlendo. Ndiye kuti anapiye oswedwa mu Juni kapena Julayi ndi omwe adzakhale ndiwo za pa 25 Disembala ndi pa Nyuwere. Mdani wawo wamkulu ndi chitopa, chomwe chimakonda kusesa makola nyengo yotentha, mvula isanagwe. Katemera wake alipo, wotchedwa I-2, wongodonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi itatu kapena inayi. Botolo limodzi limakwanira nkhuku za mabanja angapo, kotero anansi akhoza kusonkherana n'kuitana mlangizi wa ziweto tsiku limodzi. Ndalama yotemera khola lonse ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa tambala mmodzi pa msika wa pa 24 Disembala.

Nsomba zigulidwe kapena kupatulidwa mu Novembala, nyanja isanatsekedwe. Mlamba wowamba bwino ndi matemba ouma pa thandala, osati pa mchenga, zimafika pa Khirisimasi zikasungidwa pouma n'kumaziyanikanso dzuwa likatuluka. Nandolo wa mu Ogasiti ndi Sepitembala, mfutso wa nkhwani ndi chitambe, nsinjiro zotendera, zonsezi zimapezeka nthawi yake pa mtengo wabwino. Chimera cha thobwa, kaya cha chimanga, mapira kapena mawere, chimafuna masiku angapo kuti chinyikidwe, chimere, chiume ndi kugayidwa, ndipo chikauma chimasungika. Mtsuko umodzi wa thobwa umamwetsa mudzi, pamene kireti ya zakumwa za m'mabotolo imatha ana asanakwanire.

Nyengoyo payokha imabweretsanso zake: mango ali mbwee, bowa wayamba kumera, ngumbi zikutuluka, bonongwe ndi chisoso zili paliponse. Pali kamtima kena koganiza kuti mlendo wochokera m'tauni sangapatsidwe zinthu zotere. Kamtima kameneko n'kolakwika. Mwana wanu wochokera ku Ndirande kapena ku Johannesburg buledi ndi Fanta amazipeza tsiku lililonse. Chomwe chamukweza basi ndi makumba a pa Chilwa, thelere la amayi ake ndi nsima yophikidwa pa mafuwa. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika mwambo wophika ndi kudya nsima pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Ngati akunja akuulemekeza mwambowu, eni akefe tisachite nawo manyazi.

Ndalama ikafika m'manja

Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana masheya kumapeto kwa chaka. Kwa amayi ambiri imeneyi ndi nthawi yokhayo yomwe amagwira ndalama yambiri pakamodzi, ndipo amalonda amadziwa zimenezi. Langizo lathu ndi lapafupi: ndalamayo isanafike pa msika, ikhale kaye pa mkeka pamaso pa bambo ndi mayi, igawidwe. Yoyamba kuchoka ikhale ya kumunda, yachiwiri ya sukulu, yachitatu ya matenda, poti miyezi ya mvula ndi ya malungo. Yotsalayo ndiyo ya shuga, mafuta ophikira, mchere ndi sopo wa chikondwerero. Ngati mpunga, nkhuku ndi chimera zili kale pakhomo, yotsalayo imakwana.

Katapila ndiye asayandikire n'komwe phwando. Wokongola ndalama mu Disembala amabweza yochuluka zedi, nthawi zina kuwirikiza kawiri, ndipo ena amalonjeza kudzabweza ndi matumba a mpunga pokolola. Pamenepo ndiye kuti mpunga wa Juni wadyedwa usanawokeredwe n'komwe, ndipo chaka chamawa banja lomwelo lidzapezekanso pakhomo pa wokongozayo. Njira yodulira chingwe chimenechi ndi kulola kuti Khirisimasi imodzi ikhale yochepa, kuti zotsatira zake zonse zidzakhale za mtendere.

Abale omwe ali ku Joni, ku Mozambique ndi m'matauni ali ndi mbali yawo. Ambiri amatumiza ndalama kudzera pa Mukuru, Airtel Money kapena TNM Mpamba pa 23 kapena 24 Disembala, mitengo ili pamwamba ndipo kwa ma ejenti kuli mizere. Ndalama yomweyo itatumizidwa mu Juni ikhoza kugula mpunga wochuluka kwa mlimi wa m'mudzi momwemo, kapena kuthandiza makolo kuti asagulitse wawo. Nafenso otsala kumudzi tisamayese m'bale wobwera ndi kukula kwa chikwama chake. Alipo ana athu omwe papita zaka osabwera, osati chifukwa choiwala kwawo, koma poopa kufunsidwa kuti mwatitengera chiyani. Mayi akauza mwana wake pa foni kuti, "Mwanawe, ungobwera, mpunga ulipo kuno," amakhala atatsegula khomo lomwe manyazi analitseka.

Kutchena ndi kukonza pakhomo

Mwana kuvala chatsopano pa Khirisimasi kapena pa Idi ndi chinthu chomwe amachikumbukira mpaka kukula, ndipo palibe chifukwa chomulanda chimwemwe chimenecho. Apanso nkhani ndi nthawi. Telala wa pa Jali kapena pa Songani akapatsidwa nsalu mu Okutobala amasoka modekha, amayeza kawiri, ndipo mtengo mumamvana. Akapatsidwa pa 20 Disembala amasoka usiku ndi tochi, ndipo dilesi limatuluka lopotoka kapena silituluka n'komwe. Kaunjika nayenso amakwera mtengo chikondwerero chikayandikira. Nsapato ndi malaya a ana zogulidwa mu Sepitembala, zokulirapo pang'ono, zimafika bwino. Chanzeru n'kusankha chovala chomwe mwana adzapite nacho kutchalitchi, ku madrasa kapena ku ukwati chaka chonse, osati cha tsiku limodzi.

Chitenje chikadali mfumu ya zovala kuno, kaya chosindikizidwa ku David Whitehead ku Blantyre kapena chochokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Chimodzi chomwecho chimakhala chilundu lero, mawa mbereko, ndipo zidutswa zotsala kwa telala zimatuluka duku la mayi kapena kamalaya ka mwana. Mwambo woti banja lonse lisoketse nsalu yofanana ndi wokongola, koma uli ndi msampha wake. Nsalu ikasankhidwa ndi m'bale wopeza bwino, osauka a m'banjamo amakongola kuti afanane ndi anzawo kapena amangokhala kunyumba. Ngati pali yunifomu ya banja, isankhidwe yomwe wochepekedwa kwambiri angaikwanitse, apo ayi opeza bwinowo amugulire mwakachetechete. Mkanjo wochapa bwino ndi mzuli woyera, dilesi lakale losita bwino, zimapatsa munthu ulemu wokwanira.

Kukongoletsa pakhomo sikufuna za m'sitolo. Denga lifoleredwe mu Okutobala mvula isanayambe. Khonde ndi pansi pa nyumba zizilidwe ndi dothi labwino, bwalo lisesedwe, udzu wa m'mbali ulambulidwe kuti udzudzu ndi njoka zisapeze pobisala. Mikeka ya mlaza, mphasa za bango, malichero ndi nsengwa zimalukidwa ndi anthu a m'midzi yathu yomwe, ena pogwiritsa ntchito njedza ndi bango za m'dambo la Chilwa, lomwe mu 1996 linakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika pa dziko lapansi. Kugula mphasa kwa woluka wa m'mudzi kumasiya ndalama m'mudzi momwemo. Ndipo mlendo asanaone maluwa a pa tebulo amaona chimbudzi. Chikhale chofolera, chovundikira, ndi mpondagiya wa madzi ndi sopo kapena phulusa pambali pake.

Mlendo akafika

Ulemu wa kuno uli ndi dongosolo lake lomwe sililira ndalama. Mlendo akati "Odi!" amayankhidwa msanga, ana amathamanga kukamulandira katundu, amapatsidwa pokhala, kenako aliyense wa pakhomo amabwera kudzamulonjera. Malonje sathamangitsidwa. Amafunsidwa za ulendo, za omwe wawasiya, za mvula ya kwawo. Pochoka amaperekezedwa mpaka pa msewu, ali ndi kamba m'manja, kaya ndi mpunga pang'ono, kaya ndi matemba. Masiku ano mafoni ayamba kudya mwambo umenewu. Mlendo amafika n'kupeza achinyamata maso ali pa WhatsApp, moni n'kuperekedwa chogona. Makolo aziwauza ana kusanache kuti lero kubwera apongozi, kubwera azakhali, ndipo foni idikire.

Dera lino ndi la Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, Akhristu ndi Asilamu, ndipo kawirikawiri onsewa amapezeka m'banja limodzi. Makolo athu anapeza kale njira yodyera pamodzi. Banja lachikhristu likafuna kupha mbuzi kapena nkhuku ya phwando limaitana mnansi wachisilamu kuti adzazinge, kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Nyama ya nkhumba, ngati ilipo, imakhala ndi mphika wake ndi malo ake. Pa Idi mbale za mpunga zimaoloka msewu kupita ku nyumba za Akhristu. Chisilamu chimalamula kuti swala ya Idi isanachitike osauka apatsidwe chakudya, ndipo pa Idi ya nsembe nyama imagawidwa kwa abale, anansi ndi osowa. Mwambo umenewu ndi wofunika kuusunga ndi kuufotokozera ana, poti m'maiko ena anthu a zipembedzo ziwirizi amalephera ngakhale kupatsana moni.

Pali funso lomwe sitikonda kulifunsa: kodi chikondwererochi ndi cha yani? M'makomo ambiri mayi ndi ana aakazi amadzuka kukadali mdima, kutunga madzi, kusonkha moto, kuphika mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kudya zotsala ataimirira kukhitchini. Abambo amalandira ntchafu ndi chiwindi, ana n'kugawana mapazi ndi msuzi. Palibe chikhalidwe chomwe chingaonongeke anyamata akatunga madzi ndi kuwaza nkhuni dzulo lake, akamwini akagwira ntchito yosenda mbuzi ndi kuotcha nyama, ndipo mbale ya ana ikapakulidwa poyamba. Mwana wazaka zitatu amafuna nyama m'thupi mwake kuposa bambo wazaka makumi asanu. Ophika nawo akhale pansi adye chakudya chikadali chotentha.

Madzulo ndi pomwe chikondwerero chimakoma kapena kuonongeka. Magule tili nawo okwanira: manganje, likwata, beni, sikiri, ndi tchopa cha Alomwe chomwe UNESCO inachilemekeza mu 2014. Agogo ali ndi nthano ndi zilape, ndiponso mbiri ya chaka chomwe nyanja inauma ndi mmene anapulumukira. Ana omwe akulira m'tauni sangazimve kwina zimenezi. Koma tikudziwanso kuti usiku wa Khirisimasi ndi wa Nyuwere ndi pomwe kachasu amagwetsa anyamata m'ngalande, ndewu zimabuka, ndipo atsikana ena amatenga mimba zomwe zimawachotsa pa sukulu. Malamulo a dziko lino, kuyambira pa kusintha kwa mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kholo lidziwe komwe mwana wake ali ndi nthawi yomwe abwerere. Chisangalalo chikakhala pa bwalo la pakhomo, akulu ali pomwepo, ana safuna kukachisaka kumdima.

Madzi akumwa asaiwalike. Kolera amaidziwa bwino nyanja ino, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama pa madzi. Mliri womwe unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unakula kwambiri nyengo ya mvula ndi ya zikondwerero. Phwando limasonkhanitsa anthu ambiri pa mtsuko umodzi ndi beseni limodzi. Madzi akumwa ndi osungunulira Sobo athiridwe klorini yemwe alangizi a zaumoyo amagawa, kapena awiritsidwe. Posamba m'manja tithirirane ndi jagi, tisapisemo tonse m'beseni limodzi. Mkute utenthetsedwe mpaka utuluke nthunzi. Wina akayamba kutsegula m'mimba amwe Thanzi ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti alendo achoke.

Ulendo nawo ufuna nzeru. Msewu wochoka ku Zomba kupita ku Kachulu, wa makilomita pafupifupi 30, umavuta mvula ikagwa, ndipo boti lopita ku Chisi likadzaza mopitirira muyezo palibe amene angalithandize mphepo ikauka pakati pa nyanja. Kuli bwino kunyamuka tsiku limodzi m'mbuyo, kuoloka m'mawa, ndi kukana kukwera njinga yamoto ya munthu yemwe walawa.

Nanga amene alibe choti asunge?

Wina anena kuti zonsezi n'zabwino kwa amene ali ndi munda wa mpunga ndi khola la nkhuku. Nanga mayi wamasiye yemwe amadya za ganyu? Nanga banja lomwe munda wake unamira? Funsoli n'loona, ndipo palibe kalendala yomwe ingadzaze nkhokwe yopanda kanthu. Koma ndi pomwepa pamene kukonzekera msanga kumaonetsa phindu lake lenileni. Phwando loganiziridwa pa 23 Disembala limakhala la nyumba imodzi, poti aliyense akuthamangira zake. Phwando loganiziridwa mu Juni likhoza kukhala la mbumba yonse, chifukwa pali nthawi yogawana ntchito.

Kuno ambiri timatsata chikamwini, ndipo nyumba za ana aakazi a mayi mmodzi zimakhala moyandikana. Dongosolo limeneli ndi lokonzeka kale kuphika mphika umodzi. Wina abweretse mpunga, wina nkhuku, wina chimera, ndipo amene alibe kanthu abweretse nkhuni ndi manja ake, adye mofanana ndi onse popanda womuwerengera. Moto umodzi umatha nkhuni zochepa kusiyana ndi moto wa nyumba zisanu, zomwe ndi nkhani yaikulu m'dera lomwe mitengo yatha ndi kuwamba nsomba ndi kuotcha makala. Paja akulu anati kupatsa n'kuika. Pa nyanja yomwe chaka chino imadzaza, chaka china n'kuphwa, amene akugawa lero ndi amene adzalandire mawa.

Choncho pempho lathu likupita kwa eni mbumba, kwa mafumu, kwa abusa, ansembe ndi mashehe, ndi kwa atsogoleri a magulu a banki m'khonde. Mpunga ukangolowa m'matumba, itanani abale mukhale pansi. Mlongo afunse mosaopa kuti, "Achimwene, mpunga wa Khirisimasi tisunga kwa yani chaka chino?" Mphwake afunse kuti, "Malume, nkhuku titemera liti?" Omwe ali kutali aimbiridwe foni tsiku lomwelo kuti adziwe gawo lawo. Ndipo musanawerenge ndowa za mpunga, yambani mwawerenga anthu: agogo omwe ana awo onse ali kutali, ana amasiye omwe akuleredwa ndi mwana mnzawo, mlovi wochokera ku Phalombe kapena ku Mozambique yemwe alibe ndalama yobwerera kwawo, wodwala yemwe sangathe kuyenda kudzafika pa mkeka. Mayina amenewo atchulidwe poyamba, ndipo muyezo wa mpunga wosunga utsate chiwerengero chawo.